Phazi la Mfumu m'Matope a Pirirani

Ufumu wa Zilibwino uli m'mphepete mwa nyanja yamchere, kutali ndi kuno, ndipo wofuna kuufananiza ndi dziko lina lililonse achite zimenezo payekha, asanditchule. Likulu lake ndi mzinda wa Ombanim'manja. Kumeneko kunkalamulira Mfumu Nditamandeni Yachitatu, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti ankaopa zinthu ziwiri kuposa nkhondo: nkhani zoipa ndi kupweteka kwa m'mimba.

Nyanja ya kumeneko siili ngati madzi amene ife tinazolowera. Imapita n'kubwera. M'mawa imatha kuphwa, kubwerera m'mbuyo n'kusiya matope ambirimbiri poyera. Dzuwa likasuntha imabweranso n'kukwirira zonse. M'matope amenewo mumakhala nkhanu zonona, ndipo anthu a m'mudzi wa Pirirani ankadalira nkhanuzo pa ndiwo, pa sopo, pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Paphiri loyang'anizana ndi mudziwo, mlamu wa Mfumu anamanga fakitale ya mabatire ndi utoto. Madzi otsala pa ntchitoyo ankatsika ndi paipi yaikulu, yoti mwana wa ng'ombe n'kulowamo osawerama, n'kukalavulidwa pa matope a Pirirani. Boma linaipatsa paipiyo dzina lakuti Kasupe wa Chitukuko, ndipo chithunzi chake chinali pa kalendala ya m'ofesi iliyonse.

Patapita zaka, matope a pafupi ndi paipi anayamba kunyezimira ngati khosi la nkhunda. Amphaka odya zotsala za nkhanu ankayenda chozungulira ngati akuchokera ku mowa wa masese. Amayi ena okumba nkhanu anaona kuti kulowetsa ulusi pa singano kwasanduka ntchito ya anthu awiri, chifukwa manja ankanjenjemera. Anthu a ku Pirirani sakonda kudandaula mokweza, ndiye ankangoti singano za masiku ano n'zazing'ono maso.

Mayi Malikebu, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu yaukachenjede ya ufumuwo, anatapa matopewo m'timabotolo nakawayeza. Ntchitoyo anaigwira bwino. Cholakwa chake chinali chimodzi: zimene anapeza anakazinena ku bwalo la nduna, pamaso pa Mfumu.

"Mwinidziko," anatero atagwada, "m'matope a ku Pirirani muli mtovu, mekyule ndi kadimiyamu. Zimenezi ndi zitsulo zapoizoni, ndipo zikuchokera m'paipi ya fakitale. Siziola ngati masamba. Zimamira, n'kukhazikika m'matope zaka ndi zaka. Nyongolotsi imadya matope, nkhanu imadya nyongolotsi, munthu amadya nkhanu. Zikalowa m'thupi sizituluka msanga. Zimawononga impso, mitsempha ndi ubongo wa ana, ngakhale amene sanabadwe."

Mfumu inagwira pamimba. Inakumbukira nkhanu zonse zimene inadya chikhalire pampando, ndipo zinali zambiri.

Apa a Gwedemula, Nduna ya Nkhani Zokoma, anaimirira n'kukonza taye.

"Zitsulo, mwatero mayi? M'matope? Mwinidziko, ine misozi yatsala pang'ono kugwa. Maiko ena amakumba maenje akuya, amuna kumafera pansi pa nthaka pofuna zitsulo. Ife kuno, chifukwa cha utsogoleri wanu wanzeru, zitsulo zikubwera zokha kudzagona pakhomo pathu, osakumba, osatuluka thukuta! Ndi mfumu iti pa dziko lapansi imene matope ake enieniwo ali mgodi?"

Nduna zonse zinaomba m'manja. Nduna ya Zaumoyo inaonjeza kuti ana odya nkhanu zimenezi adzakula olimba ngati njanji, ndipo inapempha kuti mawuwo alembedwe m'mabuku a sukulu.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Linati matope a Pirirani ndi aukhondo kuposa mbale ya m'chipatala, ndiponso ndi chuma cha Mfumu. Aliyense wonena kuti ndi oipa adzatsekeredwa pa mlandu wonyoza matope. Mayi Malikebu sanalangidwe, pakuti ku Zilibwino salanga anthu ophunzira. Anamukweza kukhala kazembe ku dziko la Mchengawokha, kumene kulibe nyanja, mtsinje, ngakhale chithaphwi choti munthu n'kuyeza.

Zonsezi zinachitika matope ali otseka. Chaka chilichonse nkhanu zikamaswana palibe amaloledwa kukumba, ndipo nyengo yokumba imatsegulidwa ndi Mwambo wa Phazi. Pa tsikulo Mfumu imavula nsapato n'kutsatira mayi wamkulu wa okumba nkhanu, amene udindo wake amautcha Namatope. Mayiyo amasankha yekha malo a nkhanu zonona kuposa onse, Mfumu n'kuima pamenepo mpaka matope afike m'mawondo. Namatope amakumba nkhanu pafupi ndi phazi lachifumu, amaiphika pomwepo ndi madzi a m'nyanja, Mfumu n'kudya anthu onse akuona. Ikadya, mudzi wonse umayamba kukumba. Wodya Mfumu isanadye ndiye kuti akufuna mpando. Ndipo m'matopemo palibe wololedwa kukhudza thupi la Mfumu koma Namatope yekha, amene amaizula mwambo ukatha.

Namatope wa nthawi imeneyo anali Nachanza, mayi wamfupi, wa mikono yamphamvu ndi mawu ochepa. Nkhani ya Mayi Malikebu anaimvera pa msika wa Tangoonani, chifukwa ku Zilibwino chinsinsi cha boma chimafika pamsika nduna zisanafike kunyumba. Wophika wa kunyumba yachifumu anaitsimikiza mosadziwa pamene anadzanena kuti chaka chino asamusungire nkhanu. Kwawoko ayamba kukonda nyemba.

"Akazanga a m'matope!" anafuula Kachingwe, wogulitsa mchere, amene anali msuweni wa Nachanza ndipo chisuwenicho chinkampatsa ufulu womuputa. "Ndamva kuti tsopano ndinu mgodi. Mukamwalira mundisiyire mtembo, ndikaugulitse kwa ogula zitsulo zakutha."

"Iwe akadzakuika pa sikelo adzalipira mutu wokhawo," anatero Nachanza akusankha anyezi. "Kwinako ndi mphepo."

"Nanga Phazi? Mutsegula?"

Nachanza anatsitsa mawu. "Mfumu ikangoluma kamodzi, mawa lake mudzi wonse uli pa nkhanu, m'mawa, masana, madzulo. Mwana wanga uja Ndaziona pathupi pake pakula, ndipo akungolota nkhanu. Ndidzamuletsa bwanji anzake onse akunyambita zala?"

"Kanani kutsegula."

"Ndikane ndinene kuti chifukwa chiyani? Kuti matope ndi..."

Onse awiri anatembenuka. Wapolisi ankagula tomato pa benchi yoyandikana nawo.

"...ndi aukhondo kwambiri," anamaliza Nachanza.

"Aukhondo zedi!" anavomera Kachingwe mokweza. "Ine malaya anga a ku tchalitchi ndimachapira momwemo."

Wapolisiyo anagwedeza mutu mokhutira, n'kupempha mwini tomato kuti amuonjezere imodzi.

Tsiku la mwambo litayandikira, galimoto yakuda inaima pakhomo pa Nachanza dzuwa lili paliwombo. Anatsikamo a Gwedemula, atanyamula okha bokosi lozizira. Nachanza anawayalira mphasa, koma iwo anaima, poopa thalauza.

"Mayi Namatope," anatero akutsegula bokosilo, "nayi nkhanu ya Mfumu."

M'katimo munali nkhanu yabuluu, itagona pa madzi oundana ngati mlendo wa mu hotelo.

"Yachokera kuti imeneyi, Bwana Nduna?"

"Kutsidya kwa nyanja. Yabwera pa ndege."

"Ili ndi mwayi. Ine sindinakwerepo."

"Mudzaibise m'chitenje. Mukadzawerama ngati mukukumba, mudzaitulutse. Basi."

Nachanza anaiyang'ana nthawi yaitali. "Pepani bwana, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ngati matope athu ndi aukhondo, ya pa ndegeyi ndi yachiyani?"

"Ndi aukhondo, mayi, musandipezetse mlandu. Kungoti ukhondo wake ndi wamphamvu, ndipo mimba ya Mfumu ndi yofewa."

"Ndamva. Koma kumudyetsa Mwinidziko nkhanu yachilendo ataima m'matope ake omwe, sikunyoza matope kumeneko? Lamulo lija munalemba ndinu, bwana. Ine ndende ndimaiopa, muli nsikidzi."

A Gwedemula anatseka bokosi. Anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza pang'ono, koma mayiyo ankangovomera chilichonse mwaulemu osatambasula dzanja. Potsiriza anati, "Chabwino. Koma malo oimika Mfumu musankhe akutali ndi Kasupe wa Chitukuko."

"Mwambo umati pamene pali zonona, bwana."

Ndunayo inaona kuti yankho limeneli likhoza kukhala inde. Komanso pa zaka zonse za ntchito yake inali isanapititsepo nkhani yoipa kwa Mfumu, ndipo sinkadziwa kuti imayambidwa bwanji. Itafika ku Ombanim'manja inangoti zonse zakonzeka, nkhanu idzakhala yabuluu. Mfumu inagona tulo tabwino.

Tsiku la Phazi linacha bwino. Nyanja inaphwa m'mawa, matope anayala mpaka kutali. Kunabwera bandi ya apolisi, amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu, ana a sukulu ndi timbendera, ndi ogulitsa mandasi. Nduna zinaima pa matabwa oyalidwa m'mphepete kuti nsapato zisade. A Gwedemula analankhula za chitukuko nthawi yaitali ndithu, ndipo okumba nkhanu, amene amadziwa kuti nyanja siidikira zolankhula, ankangoyang'ana kumadzi n'kumaombera m'manja paliponse pamene ndunayo yapumira, kuti ipitirize.

Pomaliza Mfumu inavula nsapato, inapinda thalauza n'kutsatira Nachanza. Mayiyo anali ndi ndodo yokumbira m'dzanja ndi thabwa pamutu, pathabwapo mbaula yoyaka ndi poto. Anadutsa matope akuda, anadutsa matope otuwa, osaima. Anakaima pakamwa penipeni pa paipi.

Mfumu inali itaionapo paipiyo pa kalendala pokha, ndipo kalendala sinunkha. Madzi achikasu ankatuluka ndi thovu, fungo lake ngati mazira ovunda osakaniza ndi palafini. Matope a pamenepo anali ofewa ngati phala, ndipo miyendo yachifumu inalowa mpaka m'mawondo isanapemphedwe n'komwe.

"Mayi," inanong'ona Mfumu, uku ikumwetulira anthu, "pano?"

"Pano, Mwinidziko. Zonona zili pano. Palibe kwina zimakula chonchi."

Nachanza anawerama, analowetsa mkono wonse m'una pafupi ndi phazi la Mfumu, n'kutulutsa nkhanu yaikulu ngati mbale, yobiriwira pamsana, ikukupiza miyendo. Anaikweza m'mwamba. Amayi analulutira, bandi inayamba kuimba. Mfumu inayang'ana nkhanuyo, kenako inayang'ana a Gwedemula. A Gwedemula anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri m'mitambo.

Nkhanu siichedwa kupsa. Nachanza anathyola chala chachikulu cha nkhanuyo, anachiswa ndi mwala, n'kuchipereka ndi manja awiri atagwada m'matope. Bandi inasiya.

Mfumu inagwira nyamayo ndi nsonga za zala. Inakhosomola.

"Anthu anga!" inafuula. "Chaka chino ndafuna kulemekeza mtumiki wanga wokhulupirika, amene anatitsegula maso pa za chuma cha m'matope. A Gwedemula adye ndiwo poyamba!"

"Eee!" mawu a Kachingwe anamveka pakati pa khamu. "Kani a Gwedemula akufuna mpando?"

"Ine ayi!" inakuwa ndunayo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka phazi limodzi linaterereka pathabwa. "Ine mpando ayi, Mwinidziko! Ngakhale kuulota sindinaulotepo! Idyani ndinu, ife tidye pambuyo, kapena osadya kumene, zilibe kanthu!"

"Ndiye alamu anga, eni fakitale."

Alamuwo anagwada pathabwa n'kunena kuti amaikonda kwambiri Mfumu moti sangayerekeze, komanso adokotala anawaletsa zam'madzi zonse kuyambira chaka chimene fakitale inatsegulidwa.

"Mwambo! Mwambo!" anaimba amayi aja, akuomba m'manja mwansangala. "Adye Mwinidziko, ife tidye!" Sikunaonekepo ku Zilibwino anthu okhulupirika kwa mfumu yawo ngati tsiku limenelo.

Pamenepo Mfumu inamva kuzizira kumbuyo kwa mawondo. Nyanja inali itayamba kubwera. Siibwera ndi phokoso. Imangokwawa pamwamba pa matope ngati munthu wolowa mochedwa m'tchalitchi. Mfumu inayesa kukoka mwendo umodzi, winawo unalowa kwambiri. Asilikali awiri anafuna kuthamangirako, koma mkulu wawo anawakumbutsa kuti wokhudza Mfumu m'matope amadulidwa dzanja, ndiye anangoima n'kupereka sawatcha.

"Mayi Namatope," inanong'ona Mfumu, "ndizuleni."

"Mwambo sunathe, Mwinidziko. Ikuzizira nkhanu yanu."

"Mayi, inu ndi ine tonse tikudziwa zimene zili m'nkhanu iyi."

"Ine sindikudziwa kanthu, Mwinidziko. Odziwa anapita ku Mchengawokha."

Madzi anafika m'ntchafu. Nachanza anakweza thabwa la mbaula n'kulisenza pamutu kuti makala asazime, kenako anaima phee pambali pa Mfumu, ngati akudikira minibasi.

"Palibe njira ina?" inafunsa Mfumu.

"Ine ndine mbuli," anatero Nachanza pang'onopang'ono, "koma pali chimene chimandidabwitsa. Lamulo linati zitsulo za m'matope muno ndi chuma chanu. Ndiye zitsulozo zili m'nkhanu. Mukatsegula matope lero, anthu wamba ngati ife tizidya chuma cha Mfumu tsiku ndi tsiku, n'kumakachitaya kuchimbudzi. Ine ndimaona ngati kuba. Nayonso paipi iyi ikungothira chuma chanu m'nyanja usana ndi usiku, nsomba za maiko ena n'kumatenga ulere. Kaya, mwina ndi kufatsa kwanu."

Mfumu inamuyang'ana mayiyo. Nkhope yake inawala monga imawalira nkhope ya munthu amene wapeza chitseko m'nyumba yoyaka.

"Anthu anga!" inafuula, itakweza chala cha nkhanu chija m'mwamba. "Ndatulukira chiwembu! Chuma cha ufumu uno chikubedwa! Kuyambira lero, palibe munthu adye nkhanu ya m'matope ano, chifukwa muli zitsulo za Mfumu! Ine ndemwe ndikupereka chitsanzo, onani, sindikudya! Ndipo Kasupe wa Chitukuko atsekedwe! Zitsulo zonse zisungidwe kufakitale m'migolo yotseka bwino, dontho limodzi lisapitenso kwa alendo!"

A Gwedemula anayambitsa kuomba m'manja, n'kuuza mtolankhani amene anali pafupi kuti maganizo amenewa anali atakambidwa kale m'bwalo la nduna.

"Ndizuleni tsopano," inatero Mfumu chapansipansi.

"Nanga okumba nkhanu adya chiyani, Mwinidziko? Munthu wanjala amaba. Chuma chotere chimafuna alonda."

"Amayi onse okumba nkhanu," inafuula Mfumu, madzi ali m'chiuno, "ndawasankha kukhala Alonda a Matope a Mfumu!"

"Alonda amadya."

"Chimanga ndi nyemba zizichokera m'nkhokwe yachifumu!"

"Ndi mafuta ophikira."

"Ndi mafuta ophikira!"

"Mchere!" anakuwa Kachingwe. "Nyemba zopanda mchere ndi chilango! Ine ndili nawo wabwino!"

Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Mfumu inatambasula manja onse awiri kwa Nachanza. Mayiyo anayang'ana manja a iye mwini, kenako paipi, imene inali ikulavulabe thovu lake.

"Pepani Mwinidziko, manja angawa masiku ano amanjenjemera, kaya n'chiyani. Phokoso la paipili likamamveka sagwira bwino. Ndingakugwetseni chagada."

Mfumu sinafunikire womasulira. "Alamu!" inabangula. "Thamangani!"

Anthu a ku Pirirani amakambabe za liwiro limene mlamu wa Mfumu anakwera nalo phiri tsiku limenelo, munthu amene chibadwire anali asanathamangirepo china chilichonse koma chakudya. Bandi, posadziwa chochita, inaimba nyimbo ya fuko, ndipo itatha inaiyambanso. Madzi anafika pamchombo wachifumu. Kwa Nachanza, amene anali wamfupi, anafika pachifuwa, koma iye anakulira m'madzi amenewo ndipo nkhope yake sinasinthe.

Kenako paipi inatsokomola. Madzi achikasu aja anachepa, anasanduka kamtsinje, anasanduka madontho, analeka. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, anthu anamva kulira kwa mbalame za m'matope.

Kutseka paipi sikuchapa matope. Zimene zinamira kale zidzakhala mmenemo mwina mpaka mwana wa Ndaziona adzamere imvi, ndipo Nachanza ankadziwa zimenezo. Koma mphika wodontha umayamba watsekedwa pobowoka. Anaponya mbaula m'madzi, anakulunga mikono yake m'chiuno mwa Mfumu monga amachitira ndi thumba la chimanga, n'kukoka. Matope anailavula Mfumu ndi phokoso limene wailesi ya boma madzulo ake inati linali kulira kwa ng'oma.

Anayenda pang'onopang'ono kubwerera kumtunda, Mfumu itatsamira paphewa la mayiyo, uku ikubayibitsa anthu ndi dzanja linalo.

"Mayi Namatope," inatero ikupuma wefuwefu, "popeza matope sakutsegulidwa, ndiye kuti chaka chamawa Phazi kulibe. Si choncho?"

"Mwambo sudumpha chaka, Mwinidziko. Makolo angakwiye."

"Ndiye mudzasankhe malo ena. Olimba pansi. Akutali."

"Tidzaima pomwe paja," anatero Nachanza. "Paipi ikadzakhala youma, ndidzakuzulani madzi asanafike. Ikadzakhala ikudontha, ndidzabwera ndi poto."